Asilikali a m'bokosi sadziwa nkhondo ya ku Tete

Ana a ku Angónia sachita kuphunzitsidwa kuumba ng'ombe zadothi kapena kupinda galimoto ya mawaya. Koma mnyamata amene akufuna kumanga kachithunzi ka nkhondo pa thabwa, kokhala ndi phiri, tinyumba ta udzu ndi asilikali akutsika kumwamba ndi parachuti, amayamba wagwira njakata pa funso limodzi: tiasilikalito akatipeza kuti?

Pa msika wa Ulongwe kapena wa Lizulu, mwayi ukakhalapo, mumapezeka tizidole ta pulasitiki tobiriwira, tosiyana misinkhu, kena kaatali kuposa nyumba imene kaimapo. Tenitenito timapangidwa ndi makampani ngati Airfix ya ku Britain ndi Italeri ya ku Italy, ndipo timafika kuno pokhapokha mbale wa ku Joni atatumiza. Tambiri ndi ta muyeso wa 1:72, kutanthauza kuti munthu wamtali mamita 1.8 amasanduka kanthu ka masentimita awiri ndi theka.

Vuto lalikulu si mtengo ayi. Asilikali odumpha m'ndege a m'mabokosi amenewa ambiri ndi Angerezi, Amereka ndi Ajeremani a nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, ya 1939 mpaka 1945. Amene anaponda dothi la Tete anali ena.

Pa nkhondo yomenyera ufulu, imene inatha mu 1974, asilikali odumpha a Chipwitikizi ankavala zisoti zansalu zobiriwira, ndipo malikulu awo anali ku Beira ndi ku Nacala. Kawirikawiri sankadumpha n'komwe, ankatsitsidwa ndi helikopita zotchedwa Alouette. Mu 1971 Apwitikizi anayambitsa gulu la GEP ku Dondo, la anyamata akuda a m'dziko momwemuno, ovala zisoti zofiira. Ndipo mu Novembala 1977 asilikali a Rhodesia anadumpha kuchoka m'ndege za Dakota n'kuthira nkhondo msasa wa ZANLA ku Tembué, m'chigawo chino cha Tete. Kuika msilikali wa ku Normandy pambali pa nkhokwe ya Mngoni ndi kunamiza aliyense wodzaona.

Choncho woyamba kumene angoumba yekha. Asalimbane ndi muyeso wa 1:72, chifukwa dongo laling'ono chotero limathetheka m'manja. Muyeso wa 1:35 ndiwo wabwino: msilikali aliyense atalike masentimita 5, basi, ndipo khomo la kanyumba lilingane naye. Ayambe wapinda mafupa a waya, amatepo dongo la kudambo, aumitse pamthunzi. Asaotche, popeza dongo limang'aluka pa waya. Parachuti ndi kachidutswa ka jumbo kodulidwa mozungulira, komangidwa ndi ulusi, n'kukoleka pa waya woonda wozikidwa kuseri kwa phiri.

Za mtundu wa zovala ndi kaonekedwe ka ndege, akulu alipo ku Domwe ndi ku Tsangano amene anaona ndi maso. Komatu kufunsa kwake n'kwaulemu. Ambiri a iwo anathawira ku Dedza ndi ku Ntcheu pa nkhondo ya pachiweniweni, n'kubwerera mtendere utasainidwa ku Rome pa 4 Okutobala 1992, ndipo ena safuna kuona msilikali pakhomo, ngakhale wadongo. Agogo akati "Iwe, chotsa zimenezo," mwana anyamule thabwa lake akamalizire kusukulu.