Jambulani Kanakantapa mvula isanabwele

Kuno ku Chongwe tilibe cipululu ca mcenga monga ca Namib, kumene alendo amalipila ndalama zambili kuti akajambule zithunzi. Koma imani pamunda ku Kanakantapa mu Okutobala, mapesi atatha ndi ng'ombe, udzu utapsa, kamvulumvulu akunyamula fumbi kudutsa mumsewu. Kusiyana kwake n'kocepa.

Nthawi yoipa imeneyi ndiye ili ndi madzulo okongola kuposa miyezi ina yonse. Dzuwa likamalowa ca m'ma 18 koloko, kuwala kwake kumadutsa mu fumbi ndi utsi wa moto wa m'chile, ndiye cifukwa cake limafiila ngati khala la moto. Sizikhalitsa. Mukati muyambe mwatsekela mbuzi, mupeza kwada kale.

Foni imene muli nayo ikwanila. Pukutani kagalasi ka kamela ndi nsalu yofewa, pakuti fumbi ndi thukuta la m'thumba ndizo zimaononga zithunzi zambili. Zimitsani fulashi. Gwilani ndi cala pamene pali thambo pagalasi la foni kuti mtundu wofiila usasanduke woyela, ndipo kukayamba mdima tsamizani foni pamtondo kapena pa njelwa, cifukwa dzanja limanjenjemela. Thambo lokha silinena kanthu. Ikaniponi culu, ngolo, nkhokwe, kapena mtengo umodzi wotsala uja umene ochela malasha anauleka. Ngati pali munthu, yambani mwapempha. Amayi ocokela kumadzi atatopa sakonda kujambulidwa mwacibela.

Ena adzati izi ndi za anthu okhuta. Ayi. Boma linatsegula malo a Kanakantapa mu 1988 kuti acinyamata osowa nchito apeze minda. Amene anafika poyamba amasimba za mitengo imene anaipeza, koma ndi angati ali ndi cithunzi coonetsa mdzukulu? Mau a nkhalamba mwana amawatsutsa. Cithunzi sangacitsutse.

N'cimodzimodzi ndi cilala ca 2024, pamene Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza pa 29 Febuluwale kuti dziko lagwa m'tsoka. Cimanga cinauma cili ciimile. Amene anajambula munda wake mwezi umenewo ali ndi umboni wouika pamaso pa mlangizi wa zaulimi, pamsonkhano wa kopaletivu, ngakhale kwa a mfumu pokambilana za kudula mitengo m'mbali mwa mtsinje. Caka cimeneco madzi a ku Kariba anacepa, malaiti n'kumazima, ndipo kuwala kwa Lusaka kumene kumaphimba nyenyezi kumadzulo kwathu kunacepako.

Za kumwamba si zacilendo kuno. Asoli ali ndi mwambo wa Chakwela Makumbi wopempha mvula, ndipo dzina lakelo likunena za kukoka mitambo. Pa 21 Juni 2001 kadamsana anadetsa Lusaka ndi Chisamba masanasana kwa mphindi zitatu, alendo ocokela kutali atandanda ndi makamela awo. Ambili a ife tinangoyang'ana. Zithunzi za thambo lathu zinakwela ndeke.

Nchitoyi ingayambile ku mphakati. Sankhani malo awili kapena atatu, monga paoloka pa mtsinje wa Kanakantapa, kumbuyo kwa chalichi, ndi pamunda wa mmodzi wa inu. Mnyamata mmodzi aziima pamalo amodzimodziwo, kuyang'ana mbali imodzimodziyo, mu Okutobala ndiponso mu Febuluwale caka ciliconse. Mafoni amatayika ndipo amagwela m'madzi, conco zithunzi zabwinozo kazitsukitseni ku situdiyo pa Chongwe, mulembe tsiku ndi malo kumbuyo kwake, zikhale m'buku la mlembi.

Cenjezo limodzi: bwalo la ndeke la Kenneth Kaunda lili pafupi, ndipo pali asilikali. Ndeke ikamadutsa padzuwa lofiila jambulani muli pamunda panu, osati pafupi ndi waya wa bwalolo.