Kubveka Munthu wa m'Nthano Yanu

Ana inu, tiyerekeze kuti mwapeka nthano, ndipo mufuna kujambula munthu wa m'nthanoyo, amene palibe wina anamuonapo. Kodi mudzamubveka ciani? Funso ili ndi lalikulu, pakuti zobvala zimauza woona cithunzi za munthuyo asanawerenge ngakhale liu limodzi.

Musanagwire pensulo, dzifunseni mafunso atatu: agwira nchito yanji, akhala kuti, ndipo ndi nyengo iti? Wogwira nchito mu mgodi ku Kitwe afunika cisoti colimba cokhala ndi nyali, ovolosi ndi jombo. Mai wogulitsa nshawa pa msika wa ku Katete mumubveke citenje ndi duku. Ngati nthano icitika m'mwezi wa June, musaiwale juzi. Mukabveka msodzi suti, anzanu adzamuyesa kalaliki, ndipo nthano yanu idzasokonezeka.

Pojambula, yambani ndi thupi, mosatsindika pensulo, kenaka ikani zobvala pamwamba pake. Kumbukirani kuti nsalu imalendewera kucokera pa mapewa ndi m'ciuno, ndipo imacita makwinya pa cigongono ndi pa bondo.

Inu aphunzitsi, pindani mkono wa malaya anu pamaso pa ana, kuti adzionere okha makwinyawo asanayambe kujambula.