Mabuku ofotokoza zinthu zenizeni akusowa pakati pa ana a m'chigawo chino

LILONGWE – M'chaka cha 2002, mnyamata wa zaka 14 wa m'mudzi wa Masitala, m'dera la Wimbe m'boma la Kasungu ku Malawi, adaimika pakhomo pa makolo ake makina opanga magetsi pogwiritsa ntchito mphepo. William Kamkwamba adali atalekera panjira sukulu ya sekondale kaamba kosowa fizi pa nthawi ya njala yoopsa ya mu 2001 ndi 2002.

Nzeru yopangira makinawo adaipeza m'kalaibulale kakang'ono ka pasukulu ya pulayimale ya Wimbe, m'buku la sayansi la ana asukulu a ku America lotchedwa Using Energy, lomwe pachikuto pake padali chithunzi cha makina oyendera mphepo. Iye adasonkhanitsa mitengo ya bulugamu, mapaipi apulasitiki, njinga yakutha ndi dayinamo, ndipo posakhalitsa m'nyumba mwawo mudayaka getsi.

Nkhaniyi idatchuka padziko lonse kudzera m'buku lomwe adalemba ndi Bryan Mealer mu 2009 komanso kanema wa mu 2019. Koma pali mfundo imodzi yomwe kawirikawiri imaiwalika: Chingerezi cha m'mabukuwo chidali chomuvuta, kotero kuti zambiri adazimvetsa poyang'anitsitsa zithunzi ndi zojambula. Buku la mtundu umenewo lolembedwa m'Chichewa padalibe pashelefupo.

Kodi ndi mabuku otani?

Mabuku a ana amagawidwa m'magulu awiri akuluakulu. Gulu loyamba ndi la nthano ndi nkhani zopeka. Lachiwiri ndi la mabuku ofotokoza zinthu zenizeni: momwe mvula imapangidwira, chifukwa chomwe udzudzu umafalitsira malungo, mbiri ya anthu otchuka, moyo wa nsomba za m'nyanja, ngakhalenso kayendedwe ka dzuwa ndi mwezi.

Mabukuwa ndi osiyana ndi a m'kalasi, omwe amatsata silabasi ndipo cholinga chake n'kukonzekeretsa mwana mayeso. Buku lofotokoza zinthu zenizeni mwana amalitenga mwa kufuna kwake pofuna kuyankha funso lomwe lili mumtima mwake. Limamuphunzitsanso luso lomwe nthano sizingamupatse, monga kugwiritsa ntchito tsamba la zam'katimu, kuwerenga mapu ndi matebulo, komanso kufufuza mfundo imodzi popanda kuwerenga buku lonse.

Kufunika kwake

Akatswiri a zamaphunziro amanena kuti m'zaka zoyambirira mwana amaphunzira kuwerenga, koma akafika chaka chachinayi kapena chachisanu amayenera kuwerenga kuti aphunzire. Kuyambira pamenepo maphunziro a sayansi, ulimi ndi mbiri amadza m'chilankhulo chofotokoza, chomwe mawu ndi kaumbidwe ka ziganizo zake n'zosiyana ndi za m'nthano. Mwana amene sadazolowere chilankhulo chotere amayamba kutsalira ngakhale atadziwa kutchula mawu bwinobwino.

N'chifukwa chake mayeso a kawerengedwe a m'maiko ambiri otchedwa PIRLS amagawidwa pawiri: theka ndi nkhani zopeka, theka lina ndi nkhani zopereka chidziwitso. Pa mayeso a mu 2021, ana 81 mwa 100 alionse a Giredi 4 ku South Africa adalephera kuwerenga momvetsa m'chilankhulo chilichonse, kuchoka pa 78 mu 2016. Lipoti la mu 2022 la World Bank ndi mabungwe ena lidayerekeza kuti m'maiko a kum'mwera kwa chipululu cha Sahara, ana 89 mwa 100 alionse a zaka 10 sankatha kuwerenga ndi kumvetsa kankhani kapafupi.

Kunyalanyaza mabuku oterewa kudaonekanso m'maiko olemera. Kafukufuku yemwe Nell Duke adasindikiza mu 2000 adapeza kuti m'makalasi 20 a Giredi 1 ku America, ana ankathera mphindi 3.6 zokha patsiku pa zolemba zopereka chidziwitso.

Zomwe zimachititsa kusowaku

Chifukwa choyamba ndi kuchuluka kwa ana poyerekeza ndi ndalama zomwe maboma ali nazo. Dziko la Malawi litayambitsa maphunziro aulere a pulayimale mu 1994, chiwerengero cha ophunzira chidakwera kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni. Pamene ana angapo akulimbirana buku limodzi la masamu, unduna umayamba wagula mabuku a m'kalasi, ndipo ena onse amadikira.

Chachiwiri ndi mtengo. Buku lofotokoza za njuchi kapena magetsi limafuna zithunzi zabwino, zojambula zolondola ndiponso katswiri wotsimikizira mfundo zake. Makampani osindikiza mabuku m'chigawo chino amadalira kwambiri maoda a boma, motero amaopa kuika ndalama pa buku lomwe makolo ochepa okha ndiwo angakwanitse kugula.

Chachitatu ndi chilankhulo. Mozambique idayamba maphunziro a zilankhulo ziwiri mu 2003, malamulo aakulu a Zimbabwe a mu 2013 adavomereza zilankhulo 16 kuphatikizapo Chichewa, ndipo mu 2014 Zambia idalamula kuti ana a Giredi 1 mpaka 4 aziphunzira m'zilankhulo za m'dzikomo. Ngakhale ndondomeko zoterezi zimasinthasintha, chosasintha n'chakuti mabuku ambiri obwera ngati mphatso kuchokera kunja ndi a Chingerezi, ndipo amakamba za nyengo, nyama ndi zakudya zachilendo kwa mwana wa ku Chipata, Tete kapena Dedza. Wolemba wofuna kufotokoza sayansi m'Chichewa amakumananso ndi ntchito yosankha kapena kuumba mawu, ntchito yomwe nthambi yoona za zilankhulo ya Centre for Language Studies ku Zomba idapalira njira potulutsa Mtanthauziramawu wa Chinyanja mu 2000.

Zomwe zikuchitika

Bungwe la National Library Service ku Malawi lidasindikiza mabuku a ana otchedwa Werengani mothandizidwa ndi bungwe la CODE la ku Canada. Ku Lusaka, bungwe la Lubuto lidatsegula laibulale yake yoyamba ya ana mu 2007. Mu 2014 ku South Africa kudayamba ntchito ziwiri, African Storybook ndi Book Dash, zomwe zimaika mabuku pa intaneti mwaulere ndi chilolezo chakuti aliyense akhoza kuwamasulira ndi kuwasindikiza. Njirayi imachepetsa mtengo chifukwa zithunzi zojambulidwa kamodzi zimagwira ntchito m'zilankhulo zambiri. Komabe gawo lalikulu la mabuku opezeka motere ndi nthano, ndipo sukulu zambiri za kumidzi zilibe magetsi kapena makina osindikizira.

Nkhawa ina ndi ya thandizo lakunja. Pulogalamu ya kuwerenga yomwe Malawi idakhazikitsa mu 2016 idadalira kwambiri bungwe la USAID, lomwe boma la America lidatseka mu 2025. Izi zasiyira maboma ndi osindikiza mabuku a m'chigawo chino mtolo wokulirapo.

Mwayi ulipo pa mgwirizano wa maiko. Chichewa, chomwe ku Zambia ndi ku Mozambique chimatchedwa Chinyanja, chimalankhulidwa ndi anthu mamiliyoni ambiri m'maiko anayi. Buku limodzi lofotokoza za mtsinje wa Zambezi, za chimanga kapena za namondwe Freddy wa mu 2023 likhoza kusindikizidwa lambiri n'kutsika mtengo, maunduna a zamaphunziro atagwirizana pa kalembedwe ka mawu ndi kagulidwe ka mabuku. Pokhapo ndi pomwe mwana wofunsa mafunso ngati a Kamkwamba angapeze mayankho m'chilankhulo chomwe amamva, osadalira zithunzi zokha.