Mphete ya mtengo ilibe matsenga, chinsinsi chake ndi mitsempha

Tsiku lina la msika pa Lizulu, mayi ena ogulitsa kabichi anandigwira dzanja n'kuyamba kuyang'anitsitsa kamphete kakuda kamene ndimavala. "Bambo, kameneka ndi nyanga ya ng'ombe kapena pulasitiki?" Nditawauza kuti ndi mtengo, anapukusa mutu. "Mtengo ungapyapyale chonchi osathyoka? Pali kenakake pamenepa."

Mawu amenewa ndawamva kambirimbiri. Ena amaganiza kuti pamafunika makina ochokera ku Joni, ena amafika ponong'onezana kuti pali mankhwala. Ine ndine kalipentala kuno ku Ntcheu, ntchito yanga ya tsiku ndi tsiku ndi zitseko, mipando ndi mabedi. Mphete ndimasema madzulo ndikaweruka, chifukwa choikonda ntchitoyi. Lero ndikufuna ndikuululireni kuti palibe chobisika. Pali kumvetsa mtengo basi.

Aliyense amene anawazapo nkhuni akudziwa kale theka la luso limeneli. Nkhwangwa ikamatsata utali wa chikuni, chimang'ambika msanga, koma mukati mudule chopingasa, thukuta limachita kamukamu. Chifukwa chake n'chakuti mtengo uli ngati mtolo wa udzu womangidwa pamodzi: mitsempha yake yonse imayenda njira imodzi. Tsono mukatenga kathabwa n'kuboola pakati kenako n'kuzunguliza kunja, pa malo awiri oyang'anizana mitsemphayo imatsala yaifupi kwambiri. Pamenepo ndi pamene mphete imathyokera. Yanga yoyamba inagawika pakati tsiku lachitatu, nditangogwira mpini wa khasu mwamphamvu. Nditaona pamene inathyokera, m'pamene ndinazindikira kuti vuto silinali mtengo ayi, koma mmene ndinaugonekera.

Njira zothetsera vutoli ndi ziwiri. Yoyamba ndi yosanjikiza. Mumacheka timatabwa titatu topyapyala, kalikonse mamilimita awiri, n'kutimata ndi guluu wa matabwa, koma kapakati mumakagoneka chopingasa, monga mmene amapangira pulayiwudi. Pamene kamodzi kali kofooka, kanzake kamakhala kolimba. Mutipane mwamphamvu, tigone usiku wonse. Mukaika mlombwa wofiirira kunja ndi mtengo woyera pakati, mphete imatuluka ndi mzere wokongola popanda penti. M'mawa mwake muyambe ndi kuboola, thabwa likadali lalikulu kuti likhale ndi pogwira. Kenako muzicheka ngodya pang'onopang'ono ndi sowo, n'kumazunguliza ndi tupa.

Njira yachiwiri ndi yopinda, ndipo ndi imene imatulutsa mphete yopyapyala ngati ija anadabwa nayo mayi a pa Lizulu. Puleni yakuthwa ikamapala thabwa, imatulutsa timapepala ta mtengo totalika, topiringizika, timene ambirife timangosesera pamoto. Tengani kamodzi kosang'ambika, kanyikeni m'madzi otentha kuti kafewe, kakulungeni pa kandodo kofanana kukula ndi chala, kamangeni ndi mphira kuti kaume kali chikulungire. Kakauma, kamasuleni, n'kukakulunganso uku mukudontheza supaguluu, kuzunguliza kanayi kapena kasanu. Pa kandodoko muyambe mwakulungapo kapepala ka pulasitiki kuti mphete isamatirire. Apa mitsempha ikuzungulira chala chonse, palibenso pofooka.

Muyeso nawo si wongoyerekeza ndi maso. Kulungani ulusi pa mfundo ya chala, poti ndi pamene mphete imavutira kudutsa, kenako muuyeze pa rula. Utali umenewo muugawe ndi 3.14. Ulusi wa mamilimita 57 ukutanthauza bowo la mamilimita 18. Kumbukiraninso kuti chala chimatupa kukatentha ndipo chimanyala kukazizira. Munthu amene mwamuyeza m'mamawa wa mwezi wa June ku Tsangano adzakudandaulirani akadzatsikira ku chigwa cha Bwanje mu October. N'chifukwa chake ine ndimayeza masana, thupi litafunda.

Chotsala ndi kusalaza, ndipo apa m'pamene pamaonekera mtima wa mmisiri. Ndimayamba ndi sandipepa wokhakhala wa nambala 120, kubwera 220, kenako 400, kumaliza ndi 600. Mukadumpha nambala, mikwingwirima imadzaonekera pomaliza. M'kati mwa mphete ndimakulunga sandipepa pa pensulo, ndipo m'mphepete ndimazunguliza kuti isamakande khungu. Ndimatseka maso n'kuiyendetsa pa chala: chala chimamva zimene diso silikuona. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Pomaliza ndimapaka phula la njuchi n'kupukuta ndi kansalu mpaka mitsempha ya mlombwa itayamba kunyezimira ngati uchi. Fumbi la mitengo yolimba limayabwa m'mphuno ndi m'chifuwa, choncho muzivala chotchinga kukamwa ndi mphuno.

Ndinene chilungamo kwa ogula: mtengo ndi mtengo, sungasanduke chitsulo. Pochapa, potsuka mbale kapena popita kumunda, mphete muziivula. Mukaisamala chotero n'kumaipakako phula nthawi ndi nthawi, idzakhalitsa.

Nanga ndi mtengo wanji woyenera? Uyenera kukhala wolimba, wa mitsempha yothithikana, komanso wouma bwinobwino, chifukwa wauwisi umafota n'kung'aluka. Mlombwa, muwanga, tsanya ndi mbawa zonse zimachita bwino. Koma mfumu ya yonse ndi phingo, wakuda mtima koma woyera kunja. Ndi mtengo womwewu umene ku Ulaya amapangira zitoliro za clarinet ndi oboe. Ndi wolemera kwambiri moti kachidutswa ka mtima wake kamamira m'madzi. Pali ogulitsa ena amene amadetsa mtengo wamba ndi polishi wa nsapato n'kumati ndi phingo. Pukutani ndi kansalu koyera: phingo weniweni sasuluka, ndipo mukamukanda, m'kati namo ndi mwakuda.

Pa nkhani ya phingo yomweyi ndi pamene mtima wanga umawawa. Mtengo umenewu umakula mochedwa kwambiri. Amene waudzala lero, odzasema ndi zidzukulu zake. Kuyambira chaka cha 2017, malonda ake a pakati pa mayiko amayang'aniridwa ndi pangano la CITES, ndipo kuno kwathu lamulo la nkhalango la 1997, limene linakhwimitsidwa mu 2020, sililola kudula mitengo m'nkhalango zotetezedwa popanda chilolezo. Tonse timawaona matumba a makala ali ndandanda m'mbali mwa msewu wa M1. Tonse tikudziwa kuti nkhalango ya Mvai ndi imene imasunga madzi a damu la Mpira, amene amamwedwa kuno mpaka ku Balaka. Mmisiri amene akuthandiza kupululutsa nkhalango akudzidula yekha manja.

Ubwino wa mphete ndi wakuti sifuna kuti mtengo ugwe. Kachidutswa kochepa ngati bokosi la machesi n'kokwanira. Zanga zonse zimachokera ku zotsala za m'shedi, miyendo ya mipando yothyoka ndi mipini yakale. Ina ndinaisema kuchokera ku mpini wa khasu la agogo ena amene anatisiya, ndipo mdzukulu wawo anaivala tsiku la chinkhoswe chake. Siliva wa m'sitolo sakanamuuza za kwawo ngati mmene kamtengo kameneko kanachitira.

Luso la zosemasema si lachilendo kwa ife. Oyandikana nafe ku Mua, m'boma la Dedza, ali ndi malo a Kungoni amene anayambitsidwa ndi Bambo Claude Boucher mu 1976, ndipo aphunzitsa amisiri ambiri kusema. Mphete ndi khomo lapafupi lolowera m'luso lomwelo, poti zida zake ndi sowo, tupa, chiboolero ndi sandipepa basi.

Tsono achinyamata a ku Ntcheu kuno, pitani kwa kalipentala wa kwanu mukapemphe zidutswa zimene amasonkhera moto. Yoyamba ikathyoka, yang'anani pamene yathyokera, n'kuyambanso. Ndipo nyengo yodzala mitengo ikatsegulidwa mu December, aliyense wogwira ntchito ya matabwa adzale mlombwa, mbawa kapena phingo pakhomo pake, ndipo ausamale mpaka ukule.