Kupalasa njinga yamsewu kwa oyamba kumene

Kupalasa njinga yamsewu ndi masewera oyenda mitunda italiitali pa msewu wa phula ndi njinga yopepuka, ya matayala oonda ndi magiya ambiri. Ena amachita masewerawa pofuna kulimbitsa thupi, ena pokonzekera mipikisano, ena pongofuna kuona malo. Masewerawa amasiyana ndi kupalasa njinga za m'mapiri, komwe kumachitika m'tinjira ta fumbi ndi miyala, komanso amasiyana ndi kupalasa kwa tsiku ndi tsiku kopita kumsika, kusukulu kapena konyamula anthu pa kabaza.

M'mayiko monga Malawi ndi Zambia, munthu woyamba masewerawa nthawi zambiri amakhala kuti anadziwa kale kutchova njinga ali mwana. Chimene chimamuvuta ndi kusiya zizolowezi zomwe njinga ya kapalasa yonyamula katundu inamuphunzitsa: chishalo chotsika, kupondereza giya yolemera, kudalira buleki yakumbuyo, ndi kuyenda osadya kanthu mpaka mphamvu zitatheratu.

Chiyambi chake

Njinga ya mawilo awiri ofanana, yoyendetsedwa ndi tcheni, inatchuka ndi njinga ya Rover yomwe John Kemp Starley anapanga ku Coventry, England, mu 1885. Mu 1888 John Boyd Dunlop anapanga tayala lopopa mpweya. Bungwe loyang'anira masewera a njinga padziko lonse, UCI, linakhazikitsidwa mu 1900 ndipo likulu lake lili ku Aigle, Switzerland. Mpikisano wa Tour de France unayamba mu 1903.

Njingayo

Njinga yamsewu imadziwika ndi handulo yopindikira pansi, yomwe imapatsa manja malo atatu ogwira: pamwamba, pa zogwirira mabuleki, ndi pansi. Woyamba kumene amathera nthawi yambiri atagwira pa zogwirira mabuleki, chifukwa pamenepo amafikira mabuleki ndi magiya popanda kusuntha dzanja. Njinga za oyamba zimalemera makilogalamu 9 mpaka 11. Za mpikisano siziloledwa kupepuka kuposa makilogalamu 6.8, malinga ndi malamulo a UCI. Poyerekeza, njinga ya Buffalo ya bungwe la World Bicycle Relief, yomwe imaoneka m'midzi yambiri ya ku Malawi ndi Zambia, imalemera makilogalamu oposa 20 ndipo kaliyala wake anamupangira katundu wofika makilogalamu 100. Ntchito za njinga ziwirizi n'zosiyana, ndipo njinga yamsewu siyenera kusenzetsedwa thumba la chimanga ngakhale kamodzi.

Anthu ambiri a kuno amagula njinga zogwiritsidwa kale ntchito zochokera kunja, ndipo apa m'pamene ndalama zimatayika. Chinthu choyamba kuyang'ana ndi kukula kwa felemu. Njinga yodula koma yosakwana msinkhu wa mwini wake imapweteketsa khosi, msana ndi mawondo, ndipo mapeto ake imangotsamira kukhoma. Munthu akaima njinga ili pakati pa miyendo, mapazi onse ali pansi, payenera kutsala kampata pakati pa thupi ndi chitsulo chapamwamba. Akakhala pa chishalo, manja afike pa zogwirira mabuleki zigongono zitapindika pang'ono, osati motambasuka ngati akuthyola mango.

Chachiwiri ndi chimene felemu inapangidwira. Felemu ya chitsulo imalemera, koma ikathyoka wowotcherera wa pamsika atha kuikonza. Ya aluminiyamu ndi yopepuka ndiponso yotsika mtengo, ngakhale kuti kuiwotcherera kumafuna makina apadera. Ya kaboni ndiyo yopepuka kwambiri, koma ikhoza kukhala ndi mng'alu wosaoneka ndi maso, choncho kugula yakale popanda kudziwa mbiri yake n'kutchova juga.

Chachitatu, chomwe ambiri amachikumbukira mochedwa, ndi zipangizo zosinthira. Mawilo a njinga yamsewu ndi a saizi yotchedwa 700C, ya limu ya mamilimita 622. Njinga zakale za kapalasa zolembedwa 28 zambiri zili ndi limu ya mamilimita 635, kotero tayala lake silikwana pa njinga yamsewu ngakhale kuti pongoona amafanana. Chubu cha njinga yamsewu chimakhala ndi vavu yoonda yotchedwa Presta, yomwe pampu ya galimoto siigwira popanda kachitsulo kolumikizira. Wokonza njinga wa pansi pa mtengo amadziwa bwino kumata chubu ndi kuwongola masipoko, koma sangakhale ndi tayala la 700C. N'chifukwa chake ndi nzeru kugula machubu awiri, zigamba, guluu ndi pampu yaing'ono tsiku lomwelo logula njinga. Pa magiya, mitundu yotsika mtengo ya Shimano monga Claris ndi Sora ndi yokwanira kwa woyamba.

Pa misewu ya maenje, matayala a mamilimita 28 mpaka 32 m'lifupi ndi abwino kuposa oonda kwambiri a mamilimita 23, malinga felemu ikhale ndi malo ake. Mpweya umene tayala lingalandire umalembedwa m'mbali mwake. Tayala lopopedwa mosakwanira likagunda dzenje, limu imatsina chubu n'kusiya timabowo tiwiri toyandikana ngati polumidwa ndi njoka.

Kutalika kwa chishalo

Pa njinga yonyamula katundu chishalo chimatsitsidwa dala kuti mwendo ufike pansi msanga. Pa ulendo wa maola awiri, chishalo chotere chimapweteketsa kutsogolo kwa bondo ndipo chimadya mphamvu. Njira yosavuta yoyezera ndi iyi: wopalasa akhale pa chishalo, aike chidendene pa pedulo itafika pansi penipeni. Mwendo ukawongoka bwino popanda chiuno kupendekeka, chishalo chili pafupi ndi malo ake. Popalasa, pedulo imapondedwa ndi kutsogolo kwa phazi, ndiye bondo limatsala lopindika pang'ono.

Palinso njira ya masamu yomwe inatchuka ndi Greg LeMond, amene anapambana Tour de France mu 1986, 1989 ndi 1990. Munthu amayeza kutalika kwa mwendo m'kati, kuchokera pansi mpaka pomwe miyendo imakumana, n'kuchulukitsa ndi 0.883. Wa mwendo wa masentimita 80 amapeza pafupifupi masentimita 70.6, ndipo muyesowu umayambira pakati pa chitsulo chozungulirapo mapedulo kufika pamwamba pa chishalo. Nambalayi ndi poyambira chabe. Chiuno chikamagwedezeka uku ndi uku, kapena kuseri kwa bondo kukamapweteka, chishalo chakwera mopitirira, ndipo chitsitsidwe pang'onopang'ono.

Kupweteka kwa matako m'masabata oyamba n'kosapeweka ndipo kumachepa thupi likazolowera. Kabudula wa opalasa wokhala ndi kansalu kofewa m'kati amathandiza kuposa kusanjika siponji pa chishalo. Dzanzi la kumalo obisika lokha siliyenera kupiriridwa; limasonyeza kuti chishalo chapendekeka kapena sichikuyenerana ndi thupi.

Magiya ndi kapalasidwe

Njinga zambiri za oyamba zili ndi magiya awiri kutsogolo, a mano 50 ndi 34, ndipo kumbuyo ang'onoang'ono kuyambira mano 11 mpaka 32 kapena kuyandikira pamenepo. Wilo likazungulira kamodzi limayenda mamita pafupifupi 2.1. Pa giya yolemera kwambiri, ya 50 kutsogolo ndi 11 kumbuyo, kuzungulitsa mapedulo kamodzi kumayendetsa njinga mamita pafupifupi 9.5. Pa yopepuka kwambiri, ya 34 ndi 32, kumaiyendetsa mamita 2 ndi pang'ono basi. Magiya alipo kuti miyendo izizungulira pa liwiro limodzimodzi, kaya ndi pachitunda kaya potsetsereka.

Wozolowera njinga ya giya imodzi amaganiza kuti akupalasa bwino akamamva kulemera m'ntchafu. Opalasa odziwa amazungulitsa miyendo mopepuka, maulendo 80 mpaka 90 pa mphindi, chifukwa minofu imachedwa kutopa ndipo mawondo sapanikizika. Poyamba zimaoneka ngati munthu akupalasa mphepo, koma m'masabata ochepa miyendo imazolowera. Giya isinthidwe chitunda chisanawawe, ndipo posintha phazi lichepetse mphamvu kwa kamphindi. Kusintha uku ukupondereza ndi kumene kumadula tcheni.

Mapedulo omangirira nsapato, omwe kampani ya Look inawatulutsa mu 1984, akhoza kudikira. Pafupifupi aliyense amene amayamba kuwagwiritsa ntchito amagwa kamodzi poima, ataiwala kumasula phazi, ndipo kawirikawiri izi zimachitika pomwe pali anthu oonerera.

Masabata oyamba

Cholakwika chofala ndi kuyamba ndi liwiro. Muyeso wabwino ndi kulankhula: ngati wopalasa angathe kucheza ndi mnzake osadukiza mawu chifukwa cha befu, liwirolo n'loyenera. Maulendo atatu pa sabata a mphindi 30 mpaka 45, okhala ndi masiku opuma pakati, amamanga thupi kuposa ulendo umodzi waukulu wa Loweruka wosiya munthu chigonere mpaka Lachiwiri. Mtunda uwonjezedwe pang'ono sabata iliyonse. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limalimbikitsa akuluakulu kuchita masewera olimbitsa thupi osachepera mphindi 150 pa sabata, ndipo woyamba kupalasa amafikapo mosavuta pakatha mwezi umodzi kapena iwiri. Wodwala mtima, shuga kapena kuthamanga kwa magazi ayambe waonana ndi dokotala.

Shuga amene thupi limasunga m'minofu ndi m'chiwindi amachepa kwambiri munthu akapalasa molimba kwa ola limodzi ndi theka kapena maola awiri. Zikatero miyendo imafooka mwadzidzidzi, mutu umazungulira, ndipo ngakhale msewu wosalala umaoneka ngati phiri. Pa ulendo wopitirira ola limodzi, wopalasa adye kanthu pafupipafupi njala isanamugwire. Zakudya zodula za m'mapaketi sizofunika: nthochi, mbatata yophika kapena buledi zimagwira ntchito yomweyo. Madzi amwedwe pang'onopang'ono, pafupifupi botolo la theka la lita pa ola, ndipo ochulukirapo m'miyezi yotentha ya Okutobala ndi Novembala, pomwe ndi bwino kunyamuka m'bandakucha n'kubwerako dzuwa lisanakwere.

Pa msewu

Ku Malawi, Zambia, Mozambique, Zimbabwe ndi South Africa magalimoto amayenda kumanzere, ndipo wa njinga nayenso amayenda kumanzere, mbali imodzi ndi magalimoto. Kuyenda moyang'anizana nawo, monga ena amachitira poganiza kuti aziwaona akubwera, n'koopsa kwambiri, makamaka pa mphambano pomwe dalaivala sayembekezera chinthu kuchokera mbali imeneyo.

Misewu ikuluikulu yambiri ndi yopapatiza ndipo m'mphepete mwa phula munadyeka. Tayala loonda likagwera m'mphepete motere, kubwereranso pa phula uli pa liwiro kumagwetsa. Njira yabwino ndi kuchepetsa liwiro kaye, kuyang'ana kumbuyo, kenako kukwera. Lole ikamadutsa imakankha njinga ndi mphepo, kenako imaikokera kwa iyo. Minibasi ikhoza kuima paliponse pamene munthu wakweza dzanja. Mbuzi, agalu ndi ana sayang'ana mbali. Pa zifukwa zimenezi, msewu wa M1 pa nthawi imene magalimoto achuluka si malo ophunzirira, ndipo woyamba amapindula akasankha msewu wabata m'mawa wa Lamlungu. Chipewa choteteza mutu chivalidwe nthawi zonse, chitamangidwa pansi pa chibwano. Zovala zikhale zowala, ndipo pakhale nyali yoyera kutsogolo ndi yofiira kumbuyo, poti kuno mdima umagwa msanga dzuwa likangolowa.

Buleki yakutsogolo ndiyo imaimitsa njinga kwambiri, chifukwa pogwira mabuleki kulemera kumapita kutsogolo ndipo tayala lakumbuyo limangokhuluzika. Ambiri amaiopa chifukwa cha nkhani za anthu ogwera kutsogolo kwa handulo, koma izi zimachitika munthu akaifinya mwadzidzidzi. Mabuleki onse awiri afinyidwe pamodzi pang'onopang'ono, thupi litasunthira kumbuyo. Dzanja logwira buleki yakutsogolo limasiyana malinga ndi komwe njinga inachokera: za ku Britain ndi lamanja, za ku America ndi mayiko ambiri a ku Ulaya ndi lamanzere. Wogula njinga yakale ayesere izi asanakwere.

Potsetsereka, liwiro lichepetsedwe khona isanafike, osati m'kati mwake. Pa mitsetse italiitali monga wa ku Thabwa potsikira ku Chikwawa, wa ku Chiweta, kapena msewu wotsika phiri la Zomba, kugwira mabuleki osalekeza kumatenthetsa limu ndipo mabuleki amafooka, choncho amagwidwa ndi kusiyidwa mosinthanasinthana. Wotsikira ku Chikwawa akumbukirenso kuti pobwerera adzakwera phiri lomwelo kuchokera m'chigwa chotentha. Mvula ikagwa, mabuleki ogwira limu amachedwa kugwira, ndipo mizere yopentedwa pa msewu imaterera.

Tcheni ipukutidwe ndi kuthiridwa mafuta ochepa, makamaka m'nyengo ya fumbi. Mafuta ambiri amakola mchenga ndipo mano a magiya amadyeka msanga.

Kupalasa pagulu

Pa liwiro lalikulu, mphamvu zambiri za wopalasa zimathera polimbana ndi mphepo. Woyenda pafupi kumbuyo kwa mnzake amapulumutsa pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a mphamvuzo, ndipo ichi ndi chifukwa chake pa mipikisano opalasa amaunjikana pamodzi. Gulu lili ndi malamulo ake: kuyenda molunjika, kusagwira buleki mwadzidzidzi, kuloza maenje kuti akumbuyo awaone, ndi kusalola wilo lakutsogolo kupitirira m'mbali mwa wilo lakumbuyo la amene ali patsogolo. Mawilo akakhudzana, amagwa ndi wakumbuyo.

Mu Africa masewerawa ndi olimba kwambiri ku Eritrea, Rwanda ndi South Africa. Mpikisano wa Cape Town Cycle Tour, wa makilomita pafupifupi 109, unayamba mu 1978 ndipo umalandira anthu wamba zikwizikwi chaka chilichonse. Daniel Teklehaimanot wa ku Eritrea anavala jezi ya katswiri wokwera mapiri pa Tour de France ya 2015, ndipo mnzake wa dziko lomwelo, Biniam Girmay, anapambana jezi yobiriwira pa mpikisano womwewu mu 2024. Mu Seputembala 2025 mzinda wa Kigali unachititsa mpikisano wa dziko lonse wa njinga zamsewu, koyamba kuchitikira mu Africa.