Kalata Yochokera ku Bungwe la Anamwino: Asaine Kapena Akane?

Ku Area 36, kummwera kwa mzinda wa Lilongwe, chakufupi ndi msewu wopita ku Dedza, kuli nyumba ina ya njerwa zowotcha imene mbali imodzi ikudikirabe malata. Eni ake ndi anzathu akalekale, kwawo n'ku Nkhotakota, ndipo thumba lililonse la simenti limene linalowa m'khoma la nyumbayo linagulidwa ndi ndalama za mwana wawo wamkazi, namwino amene akugwira ntchito ku Britain. Tsiku lina titapita kukawazonda tinapeza onse nkhope zili zakugwa, mwakuti poyamba tinkayesa kwagwa zovuta. Sanali maliro ayi. Mwana uja anali ataimba foni usiku kunena kuti walandira kalata yochokera ku Nursing and Midwifery Council, bungwe limene limasunga kaundula wa anamwino ndi azamba m'dziko limenelo.

Nkhani yake inali yotere. Chipatala chimene amagwirako ntchito chinakamuneneza kuti kawiri konse, pa ntchito ya usiku, anachedwa kupereka mankhwala kwa odwala ndiponso sanalembe bwino m'mabuku. Palibe amene anamwalira kapena kupweteka. Ofufuza a bungwelo atamaliza ntchito yawo anamuikira njira ziwiri. Yoyamba, avomere kulakwa ndi kusaina malonjezo akuti kwa kanthawi azigwira ntchito moyang'aniridwa ndi namwino wamkulu, abwererenso kukaphunzira kaperekedwe ka mankhwala, ndipo malipoti a m'mene akuchitira azitumizidwa ku bungwelo. Yachiwiri, akane, nkhaniyo ipite ku bwalo la bungwelo kumene mboni zimaitanidwa monga kukhoti.

Pakhondepo panali maganizo awiri. Mayi ake ankati asaine msangamsanga nkhani isanamveke kumudzi, pakuti fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Amalume ake, amene ndiwo mwini mbumba, ankati ayi, mwana wa mlongo wawo sangavomere mlandu ngati mbala, alimbane nawo basi. Ife tinakhala chete kumvetsera, ndipo tinaona kuti onse awiri sanali kunena za kalatayo. Mayi ankanena za manyazi, amalume ankanena za ulemu wa mtundu. Panalibe ndi mmodzi yemwe amene anafunsa ngati mwanayo anachedwadi kupereka mankhwalawo.

Abale ndi alongo, ambiri a ife kunyanja kuno tili ndi ana m'zipatala, ena ku Mangochi, ku Salima, ku Bwaila, ena kunja. Ndi bwino tidziwe kuti namwino ali ndi mabwana awiri. Wina ndi amene amamulipira pakutha pa mwezi. Winayo, amene ali ndi mphamvu zoposa, ndi bungwe limene linamupatsa chiphaso. Bwana woyamba akakuchotsa ntchito ukhoza kukafunsira kwina, koma wachiwiriyu akafufuta dzina lako m'kaundula, palibe chipatala chimene chingakulandire, chaboma, chamishoni kapena cha munthu wamba.

Ku Britain njira zonse ziwiri zili ndi mtengo wake. Wosaina amapitiriza ntchito ndipo malipiro saima, komatu malonjezo aja amalembedwa pa dzina lake m'kaundula, pamene aliyense wofuna kumulemba ntchito angathe kuona, ndipo akaphwanya limodzi nkhani imadzukanso. Wokana akhoza kupambana n'kutuluka woyera. Akhozanso kugwa, ndipo bwalo lija lili ndi zilango zinayi: chenjezo lokhala pa dzina lake chaka chimodzi mpaka zisanu, kugwira ntchito motsata malamulo oikidwa ndi bwalolo mpaka zaka zitatu, kuimitsidwa mpaka chaka chathunthu, kapena kufufutidwa, kumene munthu sangapemphe kubwerera zisanathe zaka zisanu. Apilo imapita ku khoti lalikulu ndipo nthawi yake ndi masiku 28 okha. Milandu yotere imatenga miyezi yambiri, ina kupitirira chaka. Tsono kwa mwana wa ku Malaŵi pali chinthu china chimene mnzake wobadwira konko sachiopa: kawirikawiri chilolezo chake chokhalira m'dzikomo chimamangidwa pa ntchitoyo. Ntchito ikatha, pakhoza kutsatira ulendo wobwerera kumudzi.

Komabe amalume aja sitikuwaseka. Mu 2020 bungwe lomwelo linatulutsa zotsatira za kafukufuku wake zosonyeza kuti anamwino akuda amanenezedwa kawirikawiri ndi owalemba ntchito kuposa anzawo achizungu. Ndiye kuti si kalata iliyonse imene imanena zoona zokhazokha, ndipo munthu amene wasaina kuti analakwa pamene sanalakwe wadzimangirira yekha mwala m'khosi.

Ku America nkhani zotere zimakhudza makamaka anamwino amene agwa m'chizolowezi cha mowa kapena mankhwala ozunguza bongo. Kuyambira m'zaka za m'ma 1980 zigawo zina, monga Florida ndi California, zinakhazikitsa ndondomeko zakuti namwino wotere, m'malo molangidwa poyera, alandire chithandizo ndi kuyang'aniridwa kwa zaka zitatu kapena zisanu. Amayezedwa mkodzo mwadzidzidzi, nthawi zambiri ndi ndalama zake zomwe, ndipo kwa kanthawi saloledwa kugwira makiyi a kabati ya mankhwala amphamvu. Ena ndondomekozi zinawapulumutsa moyo ndi ntchito yomwe. Ena amadandaula kuti anasaina ali ndi mantha, asanaonane ndi loya, n'kudzazindikira pambuyo pake kuti alowa m'goli lolemera kuposa mlandu wawo.

Nanga kwathu kuno? Mng'ono wake wa namwino uja nayenso ndi namwino, amagwira ntchito pa chipatala china mumzinda wa Lilongwe momwemo, ndipo ndiye amene anatikumbutsa kuti zimenezi si za kunja kokha. Bungwe la Nurses and Midwives Council of Malawi linakhazikitsidwa mu 1966, ndipo lamulo la anamwino ndi azamba linakonzedwanso mu 1995. Bungweli ndilo limalemba mayeso opatsira ziphaso, limayendera sukulu za unamwino, limalandira madandaulo a odwala, ndipo likhoza kuchenjeza namwino, kumuimitsa kapena kumuchotsa m'kaundula. Limafunanso kuti namwino aliyense azisonyeza umboni wakuti akupitiriza kuphunzira asanakonzetse chiphaso chake. Mankhwala monga pethidine, amene amachepetsa ululu waukulu, amakhala m'kabati yokhoma ndipo kabotolo kalikonse kamalembedwa m'buku. Kakasowa kamodzi, woyamba kufunsidwa ndi amene anali ndi makiyi.

Mtsikanayo anatifotokozera za usiku wa m'wodi ya amayi oyembekezera: mzamba mmodzi kapena awiri, amayi odzaza mabedi ena pansi, magetsi azima, ambulansi ilibe mafuta. Pa usiku wotere mayi wina akachedwa kuthandizidwa, dzina limene limapezeka m'buku ndi la mzamba, osati la amene sanalembe ntchito azamba okwanira. Apa ndi pamene ife tikuona kuti kukana kuli ndi malo ake. Namwino amene wapatsidwa mlandu wochokera ku kuchepa kwa antchito kapena kusowa kwa zipangizo ayenera kulankhula, atanyamula ndandanda ya ogwira ntchito usiku umenewo ndi chiwerengero cha odwala. Malamulo aakulu a dziko lino, a mu 1994, pa gawo 43, amapatsa munthu aliyense ufulu woweruzidwa mwachilungamo ndi maofesi ogwira ntchito za boma, ndiponso wopatsidwa zifukwa zolembedwa pa chigamulo chokhudza iyeyo. Makhoti alipo, ofesi ya Ombudsman iliponso. Anamwino alinso ndi bungwe lawolawo lowamenyera ufulu, la National Organisation of Nurses and Midwives of Malawi, ndipo n'kulakwa kuyankha kalata ya mlandu usanagogode pakhomo pawo.

Koma tinene mosabisa mbali inayo. Ngati mwana wathu wayambadi kudzibaya jakisoni wa odwala, kapena amafika pa ntchito ataledzera, kapena dzanja lake lalakwitsa mankhwala mobwerezabwereza, ife makolo tisamulimbikitse kukana. Mabanja athu amadziwa kubisa zinthu zotere, ndipo timabisa mpaka tsiku limene wodwala wina, mwana wa mnzathu, wafa. Kuyang'aniridwa n'kowawa kwa munthu wamkulu amene wagwira ntchito zaka khumi, inde. Koma wodwala amene wagona pa bedi alibe njira yodziwira kuti dzanja limene likumubaya lili bwino kapena ayi. Amadalira bungwe lija.

Madzulo a tsiku limenelo mng'ono uja anaimbira mkulu wake foni ife tili pomwepo, n'kumufunsa funso limene akuluakulu analilumpha. Yankho linabwera patapita kanthawi. Za kulemba m'mabuku anavomera kuti analakwadi, maulendo onse awiri. Za kuchedwa kwa mankhwala anati usiku woyamba anali yekha pa odwala amene amayenera kuonedwa ndi anamwino awiri, ndipo anali atadziwitsa mkulu wa wodi. Mng'onoyo anamuuza kuti asasaine kanthu sabata imeneyo, afunefune uthenga umene anatumiza kwa mkulu wa wodiyo, ndipo apite nazo zonse kwa woimira bungwe la anamwino limene amalipirako mwezi ndi mwezi.

Anachitadi zimenezo. Patapita milungu itatu tinamva kuti wasaina malonjezo aja, koma atalemba kaye mbali yake ya usiku woyambawo n'kuitumiza pamodzi ndi umboni wake, kuti ikhale m'failo. Amalume sanakondwe, mpaka lero amati mwanayo anagonja. Mayi ake anapempha kuti nkhaniyi isafike ku Nkhotakota, n'chifukwa chake sitinatchule maina. Malata aja akuti agulidwa dzinja likatha.