Kuundana kwa magazi: chifukwa chake maola atatu ali ofunika kwa amayi a ku Nkhulambe

PHALOMBE — Pamene namondwe wa Freddy anakokolola misewu ndi milatho m'dera la Mfumu Yaikulu Nkhulambe m'mwezi wa Marichi 2023, anthu ovulala ndi amayi oyembekezera anakhala masiku angapo osatha kufika kuchipatala chachikulu. Kwa munthu amene akutaya magazi, nthawi yotere ndi yaitali kwambiri. Chifukwa chake chagona pa momwe thupi limatsekera bala.

Mtsempha ukang'ambika, umayamba wafinyika wokha kuti magazi asatuluke ambiri. Kenaka tizidutswa ta m'magazi totchedwa mapulateleti, tomwe timapangidwa m'mafuta a m'mafupa, timasonkhana pabalapo n'kumatirirana. Chotsekera choyambachi n'chofooka. Chimalimba pamene mapuloteni opangidwa m'chiwindi ayamba kudzutsana motsatizana mpaka atatulutsa thrombin. Thrombin ndi amene amasandutsa fibrinogen, yemwe amakhala wosungunuka m'magazi, kukhala ulusi wolimba wa fibrin. Ulusiwo umalukana ngati ukonde wa asodzi a kunyanja ya Chilwa, n'kukola maselo ofiira mpaka bala litatsekeka. Anayi mwa mapuloteniwa sagwira ntchito popanda vitamini K, yemwe amapezeka m'ndiwo zamasamba monga mpiru ndi bonongwe.

Ntchitoyi ikanapanda malire, magazi akanaundana m'thupi lonse. N'chifukwa chake m'magazi momwemo muli antithrombin ndi protein C, zomwe zimachepetsa mphamvu ya thrombin kuti kuundanako kuthere pabala pokha. Bala likapola, plasmin amasungunula ulusi uja. Zoletsazi zimachepekedwa mphamvu magazi akamayenda pang'onopang'ono, ndipo pamenepa ogwira ntchito m'maofesi amve bwino: kukhala pampando maola ambiri osadzuka, kaya paulendo wautali, kungachititse magazi kuundana m'mitsempha ya m'miyendo. Chibuluma chotere chikathothoka n'kukatseka mtsempha wa m'mapapo, munthu atha kufa mwadzidzidzi.

Koma kumudzi vuto lalikulu ndi la magazi okana kuundana, makamaka pobereka. Nsengwa ikatuluka, m'chiberekero mumatsala bala lalikulu, ndipo chimene chimayamba kulitseka ndi kukungika kwa chiberekerocho. Ichi n'chifukwa chake anamwino amabaya mayi jakisoni wa oxytocin mwana akangobadwa. Mayi akataya magazi okwana mamililita 500 m'maola 24 oyambirira, achipatala amati wataya magazi mopitirira muyezo. Kutayako kukapitirira, fibrinogen amachepa, pomwe plasmin akusungunula ulusi wochepa womwe wapangikawo. Apa magazi amangoyenda ngati madzi, ndipo chotsala ndi kumuwonjezera magazi a munthu wina. M'dziko muno magazi oterewa amatoleredwa ndi kuyezedwa ndi bungwe la Malawi Blood Transfusion Service, lomwe linakhazikitsidwa mu 2003, koma sapezeka m'zipatala zazing'ono za kumidzi.

Mu 2017, bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linalimbikitsa kuti mayi wotaya magazi chonchi azilandira mankhwala a tranexamic acid, omwe amaletsa plasmin kuphwasula ulusi uja. Mankhwalawa amathandiza pokhapokha ataperekedwa pasanathe maola atatu mwana atabadwa. Mlatho umodzi ukaduka, maola amenewa amathera panjira, choncho malo oyenera mankhwalawa ndi m'chipatala chaching'ono momwe mayi akuchilira. Akuluakulu oyitanitsa mankhwala m'maboma adziwenso kuti oxytocin amafunika kusungidwa mufiriji, pomwe tranexamic acid sawonongeka ndi kutentha ngakhale magetsi atazima.